Malo ndi Nyumba za Boma Zikasowa Ntchito, Zimapita Kuti?

Aliyense woyenda m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaziona zinthu izi: nyumba yakale ya mlangizi wa zaulimi imene denga lake linasasuka, shedi ya pamsika imene simugulidwanso chimanga, esiteti ya fodya imene zigafa zake zinagwa ndipo m'minda mwake munamera tsekera. Zaka zimapita anthu akungodutsa pamenepo, mbuzi zikubisalamo mvula. Kenaka tsiku lina m'mawa pamafika alendo atanyamula zoyezera malo, nakhoma zikhomo, ndipo mwezi usanathe pamakhala patazungulira mpanda wa waya. Pamenepo mudzi wonse umayamba kufunsana: Wagula ndani? Wagulitsa ndani? Ndalama zake zalowa kuti?

Funso lotere linatipeza pa nthambi ina ya parishi, pamene katekisiti wina wachikulire anatiimitsa nati: "Bambo, kodi boma lingathe kugulitsa bwalo limene ana athu akhala akuseweramo mpira zaka 30, ife osauzidwa?" Tsiku limenelo tinamuyankha mwachidule, ndipo yankho lathu silinali lokwanira. Tsono taganiza zolemba nkhaniyi mwatsatanetsatane, pakuti inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndinu amene anthu amathamangirako zinthu zotere zikachitika, ndipo nthawi zina ndinu amene mumapemphedwa kusaina ngati mboni.

Mwini nthaka ndani?

Tiyambire pa malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994. Gawo 207 la malamulowa limanena kuti nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko. Gawo 12 limaonjezera kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo amene ali pa maudindo amazigwira mowasungira anthuwo. Tikaphatikiza ziwirizi tiona kuti nduna, bwanamkubwa kapena mlembi wa unduna sali eni ake a malo a boma. Iwo ali ngati kapitawo amene wasiyiridwa makiyi a nkhokwe. Angathe kutsekula nkhokweyo, koma potsata lamulo, pa chifukwa chomveka, ndipo ayenera kufotokoza za chilichonse chimene chatulukamo.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku timakumana ndi mitundu itatu ya malo. Mtundu woyamba ndi malo a boma: pamene pali maofesi a bwanamkubwa ku Dowa ndi ku Ntchisi, zipatala ndi sukulu za boma, polisi, nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi ndi ya Kongwe, ndiponso m'mphepete mwa misewu. Pa msewu waukulu ngati wa M1, umene umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewuwo, ngakhale pakhale patamangidwa golosale. Mtundu wachiwiri ndi malo a makolo, amene ali pansi pa mafumu monga a Msakambewa, a Chiwere, a Dzoole, a Kayembe, a Kalumo, a Nthondo ndi a Kasakula. Mtundu wachitatu ndi malo amene munthu, kampani kapena mpingo uli ndi mapepala ake, kaya a lizi kaya a umwini wamuyaya.

Kusiyanitsa mitundu imeneyi ndiye chiyambi cha nzeru pa nkhani ya malo, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi khomo lakelake lotulukira. Mikangano yambiri imabuka chifukwa anthu amayesa kuti malo ena ndi a mfumu pamene anasanduka a boma kalekale, kapena amayesa kuti ndi a boma pamene ndi a kampani.

Mmene boma linapezera malo ake

M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anayamba kupereka zikalata zotsimikizira umwini kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo ambiri otere anali kumapiri a kummwera, ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Kuno kuchigawo chapakati nthaka yambiri inatsalabe m'manja mwa mafumu, kupatula pamene panamangidwa maboma, mamishoni ndi pamene anapatula nkhalango.

Titalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu zazikulu. Nduna inkatha kutenga malo a makolo ndi kuwasandutsa a boma, kapena kuwapereka kwa munthu pa lizi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mphamvu zimenezi zinagwiritsidwa ntchito kwambiri. Nthawi imeneyo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Ankaloledwa okhawo amene anali ndi esiteti. Motero anthu zikwizikwi m'maboma a Kasungu, Mchinji, Lilongwe, Dowa ndi Ntchisi anathamangira kukatenga lizi pa minda imene kale inali ya makolo, ambiri mwa iwo lizi ya zaka 21. Panali mfundo imodzi imene anthu ambiri sanaidziwe: mwa lamulo la 1965, lizi yotere ikatha malowo sankabwerera kwa mfumu, ankasanduka a boma. Chaka ndi chaka nthaka ya midzi inkachepa, ya boma n'kumakula, popanda wina kusamutsa chikhomo.

Madandaulo a anthu anachititsa kuti m'chaka cha 1996 akhazikitse komiti yofufuza za malo, imene inapereka lipoti lake m'chaka cha 1999. Pambuyo pake panabwera mfundo za dziko zokhudza malo za 2002, kenaka malamulo atsopano a malo a 2016, amene Nyumba ya Malamulo inawakonzanso m'chaka cha 2022. Ndi malamulo amenewa amene tikuyendera lero.

Njira yoyamba: kusintha ntchito ya malo

Nthambi ya boma ikaona kuti malo kapena nyumba ina siikuifunanso, chinthu choyamba choyenera kufunsidwa n'chakuti: kodi palibe nthambi ina ya boma, khonsolo, sukulu kapena chipatala chimene chingaigwiritse ntchito? Njira imeneyi sibweretsa ndalama m'thumba la boma, koma imasunga chumacho m'manja mwa anthu onse.

Chitsanzo chachikulu tili nacho pakhomo pathu pomwe. Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, inali ndende imene ankatsekeramo anthu pa zifukwa za ndale ndi za chipembedzo m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. M'chaka cha 1994 boma linasandutsa malowo, okwana mahekitala 201, kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo ndi maiko ena. Malo amene anali a misozi anasanduka pothawirapo, ndipo palibe amene anagula kapena kugulitsa.

Komabe Dzaleka ikutiphunzitsanso kuti nthaka sitanuka ngati mphira. Msasawo unakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika chaka cha 2023 munali anthu opitirira 50,000. Midzi yozungulira yapindula ndi msika ndi malonda, koma yasenzanso mtolo wa kusowa kwa nkhuni, madzi ndi malo olima. Posintha ntchito ya malo, boma liyenera kuwerengeranso anthu oyandikana nawo.

Njira yachiwiri: kubwereketsa pa lizi

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Tikamva kuti "boma lagulitsa malo," nthawi zambiri chimene chachitika ndi kubwereketsa kwa nthawi yaitali. Malamulo a 2016 analetsa kupereka umwini wamuyaya watsopano kwa munthu aliyense. Chimene munthu amalandira ndi lizi, ndiye kuti chilolezo chogwiritsa ntchito malowo kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri zaka 99 pa mapuloti a m'tauni, ndi zaka zocheperapo pa malo olima. Nthaka yeniyeniyo imakhalabe ya dziko.

Lizi ili ndi ndondomeko yake. Wofuna malo amalemba fomu ku unduna wa za malo kudzera ku ofesi ya za malo ya m'boma lake kapena ya chigawo, imene kwa ife ili ku Lilongwe. Akuluakulu oona za mapulani amayamba aona ngati ntchito imene akufuna kuchitapo ikugwirizana ndi dongosolo la deralo. Pempho likavomerezedwa, munthuyo amalandira kalata yomupatsa malo, imene imatchula ndalama zoyenera kulipira. Akatero oyeza malo amabwera kudzaika mabikoni ndi kujambula mapu, ndipo mapuwo amavomerezedwa ndi ofesi ya mkulu woyeza malo m'dziko muno. Pomaliza lizi imasainidwa ndi kulembedwa m'kaundula wa malo. Kalata yopatsidwa malo payokha si lizi. Anthu ambiri amaima pamenepo nayesa kuti atsiriza.

Wolandira lizi amakhala ndi ngongole zitatu kwa dziko. Ayenera kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka. Ayenera kutukula malowo m'nthawi imene anagwirizana, ndipo pa ntchito imene anapemphera. Amene anapempha malo a sukulu sangamangepo malo omwera mowa popanda chilolezo chatsopano. Ayeneranso kupempha chilolezo asanapereke lizi yake kwa munthu wina. Akalephera zimenezi, boma lili ndi mphamvu zolanda malowo. Malamulo a 2022 anakhwimitsanso kwambiri za kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino.

Nyumba nazonso zimatha kubwereketsedwa motero. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, imene inatetezedwa ndi lamulo m'chaka cha 1924, muli nyumba yakale yomangidwa m'chaka cha 1914. Kumeneko bwanamkubwa wachitsamunda wa ku Nkhotakota ankathawirako kutentha kwa kunyanja. Pambuyo pake inakhala nyumba ya alendo ya nthambi ya za nkhalango, ndipo kenaka inaperekedwa kwa anthu a bizinesi kuti aziyendetsa ngati malo ogona alendo okaona phiri, monga zinachitikiranso ndi nyumba zotere ku Dzalanyama ndi ku Luwawa. Nkhalangoyo ikadali ya dziko. Nyumba imene ikanagwa ndi chiswe inapeza woisamala, ndipo ena a m'midzi yozungulira anapezapo ntchito. Funso loyenera kufunsa pa mgwirizano uliwonse wotere n'lakuti: ndi wa zaka zingati, akulipira zingati, ndipo anthu a m'deralo akupindulapo chiyani?

Njira yachitatu: kugulitsa

Pali katundu wina amene boma limagulitsadi: nyumba, magalimoto otha ntchito, makina, ngakhale makampani athunthu. M'chaka cha 1996 panakhazikitsidwa lamulo logulitsira makampani a boma, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anapita m'manja mwa anthu a bizinesi. Njanje inabwereketsedwa m'chaka cha 1999. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inagulitsidwa m'chaka cha 2003 pa mtengo wa K73 miliyoni, umene anthu ambiri, kuphatikizapo ogwira ntchito pamenepo, anadandaula kuti unali wotsika kwambiri. Banki ya Malawi Savings Bank inagulitsidwa m'chaka cha 2015 pakati pa mkangano waukulu. Nalonso bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, lakhala likugulitsa zina mwa nyumba zake kwa anthu okhalamo.

Kwa nthawi yaitali malamulo athu ankalankhula kwambiri za mmene boma liyenera kugulira zinthu, koma ankanena zochepa za mmene liyenera kugulitsira. Lamulo la 2017 linaika zonse ziwiri pamodzi, ndipo linakhazikitsa bungwe la PPDA kuti liziyang'anira kugula ndi kugulitsa katundu wa boma. Ngakhale lamuloli lakhala likukonzedwa, msana wake sunasinthe, ndipo tingaufotokoze motere.

Choyamba, munthu mmodzi sangadzuke m'mawa ndi kunena kuti nyumba yakuti ndi yopanda ntchito. Pamakhala gulu la akuluakulu limene limayendera katunduyo ndi kulemba lipoti la mmene alili. Chachiwiri, akatswiri owerengera mitengo amaika mtengo wake weniweni, kuti pakhale malire amene wogula sangatsike kupyola pamenepo. Chachitatu, komiti yoona zogula ndi zogulitsa ya mu unduna kapena khonsolo imeneyo imasankha njira: kupereka katunduyo ku nthambi ina ya boma, kumugulitsa pa okushoni, kapena kuitana anthu kuti apikisane polemba mitengo yawo m'makalata omata. Chachinayi, malondawo amalengezedwa poyera, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za maofesi, kuti aliyense wofuna amve nthawi ikadalipo. Chachisanu, ndalama zimalipiridwa ku boma, wogula nalandira risiti ya boma, osati kakalata kolembedwa pamanja. Malamulo amaikanso malire pa ogwira ntchito m'nthambi imene ikugulitsayo, kuti woweruza asakhalenso wogula.

Tiyenera kukumbukira kuti si nyumba iliyonse yooneka ngati ya boma imene ili pansi pa unduna wa za malo. Mashedi a ADMARC, mwachitsanzo, ndi a bungwelo, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1971 ndipo pambuyo pake linasandutsidwa kampani ya boma. Misika ndi malo okwerera basi kawirikawiri zili m'manja mwa khonsolo. Wofuna kudziwa za nyumba ina ayambe wafunsa kuti ili m'kaundula wa yani.

Pamene ndondomeko inalambalalidwa

Malamulo abwino sadziyendetsa okha. Zitsanzo zitatu zimene dziko lonse linazimva zikutionetsa malo atatu amene mbala imalowera.

Boma linatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku India, ndipo zina mwa ndalamazo linagulira mathirakitala 177 ndi makina opukusira chimanga 144, ati othandizira alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makinawo anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi anthu ena olemera. M'chaka cha 2016 ofesi yomva madandaulo a anthu ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lonena kuti kugulitsako kunali kosatsata chilungamo, ndipo m'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi ofesiyo. Apa khomo lolowera linali mawu akuti "zopanda ntchito." Mlimi wa ku Malomo kapena wa ku Bowe amene amalima ndi khasu sanganene kuti thirakitala ndi yopanda ntchito, koma ngongole ya thirakitalayo akubweza nawo kudzera m'misonkho.

Ndege ya mtsogoleri wa dziko, imene inagulidwa m'chaka cha 2009, inagulitsidwa m'chaka cha 2013 pa mtengo wa madola 15 miliyoni. Anthu ambiri anayamikira kugulitsako, poti ndegeyo inkadya ndalama zambiri. Koma pambuyo pake zinadziwika kuti ndalamazo sizinalowe m'thumba lalikulu la boma monga malamulo amafunira. Apa khomo linali kumapeto kwa malonda: katundu watuluka, koma njira ya ndalama sikuoneka.

M'chaka cha 2019 kunabuka nkhani ya sukulu ya Livimbo ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe, pamene kunamveka kuti malo a sukuluyo agulitsidwa kwa munthu wa bizinesi. Boma linakana kuti sukuluyo yagulitsidwa, koma mkanganowo unaonetsa poyera kuti malire a sukulu ya boma, pakati penipeni pa likulu la dziko, angathe kukhala nkhani yokanganirana. Apa khomo linali mapu ndi mabikoni. Ngati zotere zingachitike mumzinda mmene muli maofesi onse a za malo, nanga kuli bwanji sukulu ya kuseri kwa phiri, imene malire ake amadziwika ndi mtengo wa mkuyu ndi chulu?

Njira yachinayi: kubwezera malo kwa anthu

Kwa ife a ku Dowa ndi Ntchisi, nkhani yaikulu koposa ndi ya maesiteti aja a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kuyambira m'chaka cha 1990 alimi wamba anayamba kuloledwa kulima bale, ndipo esiteti inasiya kukhala khomo lokhalo lolowera ku okushoni. Eni ake ambiri anamwalira, ana awo anapita m'tauni, msonkho wa malo unaleka kulipiridwa. Kafukufuku wa akatswiri a World Bank wa m'chaka cha 2017 anapeza kuti pa malizi 10 alionse a malo olima m'dziko muno, pafupifupi 7 anali atatha kale nthawi yake, ndiponso kuti gawo lalikulu la nthaka ya maesiteti silinkalimidwa. Izi zikuchitika pamene kuseri kwa mpanda mabanja akugawana munda wa agogo mpaka aliyense kutsala ndi mizere yowerengeka.

Kodi malo otere ndi a yani? Apa tisafulumire. Lizi ikatha, mwini wake angathe kupempha kuti aionjezere, ndipo boma limayenera kuona ngati ankalipira msonkho ndi kugwiritsa ntchito malowo. Likakana, malowo amachoka m'manja mwake. Mfundo za 2002 ndi malamulo amene anazitsatira anafuna kukonza cholakwa cha 1965 chija, kuti malo amene anachokera kwa makolo azitha kubwerera kwa anthu a m'deralo. Koma kubwererako sikuchitika kokha usiku lizi itatha. Pamafunika kuti mafumu, khonsolo ndi ofesi ya za malo alembe, afufuze m'kaundula, ndipo boma ligamule. Pamene anthu a m'mudzi ali chete, munthu wa ndalama amene akudziwa njira za maofesi angathe kupempha malo omwewo, ndipo mudzi udzadzidzimuka poona mpanda watsopano.

Dziko lino linayesapo kale kupereka nthaka ya maesiteti kwa osowa malo. Pakati pa 2004 ndi 2011 panali ntchito yotchedwa Kudzigulira Malo, imene inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula maesiteti kwa eni ake ofuna kugulitsa, makamaka ku Machinga ndi Mangochi. Banja lililonse linkapeza pafupifupi mahekitala 2. Ntchitoyo inali ndi zovuta zake, monga kutalika kwa zipatala, sukulu ndi madzi kumalo atsopanowo, koma inaonetsa kuti nthaka yogona ingathe kufika m'manja mwa mlimi mwamtendere ndi mwalamulo.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Kulowa m'malo a boma kapena mu esiteti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kukhalitsa pa malo a boma, ngakhale zaka zambiri, sikumupatsa munthu umwini. Amene amalima m'nkhalango yotetezedwa kapena kumanga m'mphepete mwa msewu angathe kuchotsedwa popanda chipukutamisozi. Chipukutamisozi chimaperekedwa pamene boma likutenga malo amene munthu ali nawo movomerezeka, ndipo malamulo aakulu a dziko amati kutengako kukhale kothandiza anthu onse, mwini wake auzidwe nthawi ikadalipo, alipidwe moyenera, ndipo akhale ndi ufulu wokadandaula ku khoti.

Nanga mfumu ingagulitse?

Dambo lodyetserako ziweto, manda, nkhalango ya mudzi ndi bwalo la masewero la mudzi ndi malo a anthu onse a m'deralo. Mfumu imawasunga m'malo mwa anthu ake, monga mmene nduna imasungira malo a boma. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, otsogozedwa ndi agulupu eni ake, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Linakhazikitsanso mabwalo oweruza milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kufikira pa boma. Cholinga chake n'chakuti nkhani ya malo isathere m'nyumba ya munthu mmodzi usiku. Mafumu athu ambiri amasunga nthaka mokhulupirika, ndipo komiti yolimba imawateteza iwo omwe kwa anthu obwera ndi maenvelopu.

Tichitepo chiyani?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tikaona anthu akuyeza malo a sukulu, a chipatala kapena a msika, tili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti atumidwa ndi yani ndipo ali ndi kalata yanji. Tikapanda kukhutira, tipite kwa khansala, ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ndi ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa. Mafunso ake ndi asanu: Malowa ali m'kaundula wa yani? Ndani anagamula kuti alibe ntchito? Mtengo wake anauika ndani? Analengeza kuti ndipo liti? Risiti ya boma ili kuti?

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mwa lamulo limeneli nzika iliyonse ingathe kulemba kalata yopempha kuona zikalata zotere, ndipo ofesi iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Kalata ikhale yolembedwa, yokhala ndi deti, ndipo musunge ina yofanana nayo. Pakaoneka kusalungama, pali ofesi ya Ombudsman. Pakamveka fungo la ziphuphu, pali bungwe lothana ndi katangale la ACB. Osowa ndalama za loya angathe kupita ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu la Legal Aid Bureau. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi mwathu angathandize kulemba makalata otere.

Tiyang'anenso pakhomo pathu. Sukulu zambiri, zipatala zazing'ono ndi matchalitchi a m'nthambi zinamangidwa pa malo amene mfumu inapereka pakamwa zaka zambiri zapitazo. Amene anapereka ndi amene analandira onse anatisiya, ndipo adzukulu awo sagwirizana za malire. Komiti ya sukulu ndi ya tchalitchi iyende m'malire pamodzi ndi mfumu ndi oyandikana nawo, ilembe zimene agwirizana, onse asaine, adzale mitengo m'malirewo, ndipo ayambe ndondomeko yoyezetsa malowo. Zimadya ndalama ndi nthawi, koma mlandu wa kukhoti umadya zoposa. Ndipo inu akatekisiti, musasaine ngati mboni pa pepala la malo limene simunaliwerenge, kapena la malo amene simunawayende ndi mapazi anu. Dzina lanu limalemera pamaso pa anthu, ndipo n'chifukwa chake ena amalifuna.

Tibwerere tsono kwa katekisiti uja ndi bwalo lake la mpira. Ngati bwalolo lili pa malo a boma, boma lingathe kulipereka pa lizi, koma podzera m'ndondomeko imene tafotokozayi, ndipo anthu ali ndi ufulu wofunsa ndi wokana kuti malo amene ana akuwagwiritsa ntchito atchedwe opanda ntchito. Ngati lili pa malo a makolo, silingachoke popanda mfumu, komiti ya malo ndi anthu a m'mudzi kumva. Ngati lili mu esiteti ya munthu, zaka 30 za mpira sizingaliteteze pazokha, ndipo mudzi uyenera kuyamba lero kukambirana ndi mwini wake ndi khonsolo. Katekisitiyo tinamulangiza kuti apite ndi amfumu ndi wapampando wa komiti ya sukulu kwa bwanamkubwa, akafunse kuti bwalolo lili m'gulu liti mwa atatuwa. Ulendo umenewo ndi wa tsiku limodzi, ndipo ndi wopepuka pamene mpanda usanamangidwe.